Mapiritsi Asanu ndi Awiri a Walusungu

Chibanja,
Mzuzu.
12 Meyi 2024.

Okondedwa achemwali anga a Eness,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, palibe pamene pakundiwawa, koma mtima ndiwo suli m'malo. Kuzizira kwayamba kale. Kamvula kowaza ngati chiperoni cha kwathu kamagwa kuyambira m'mawa, moti zovala zimatha masiku awiri pachingwe osauma.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. M'nyumba muno mawu amamveka chipinda chilichonse. Komanso mukundidziwa, nkhani ikandipweteka mawu amandithawa, ndimangolira. Polemba ndimatha kufufuta n'kuyambiranso. Kalatayi ndapatsira Mary, mnzanga wa kutchalitchi, amene akubwera ku Luchenza Lachiwiri. Mu envulopu mupezamonso kakalendala ka m'thumba kochongachonga. Musakataye, ndikufotokozerani ntchito yake.

Ndikudziwa kuti azakhali a Hilda akuuzani kale zimene anamva, chifukwa mama NyaMhango, amene ndimawagwirira ntchito, anawaimbira foni Lachitatu. Zimenezo ndi mbali ya mama. Mbali yanga simunaimve, ndiye ndiyambira pachiyambi, mundipirire.

Mwana wamkazi wa mama, anti Sharon, akhala ku Mangalande zaka khumi ndi ziwiri. Anafika pa 28 Malichi kudzachita Pasaka kuno, ali ndi mwana wawo wamkazi Walusungu, wa zaka zisanu, wobadwira komweko. Amuna awo a Gracious anatsala chifukwa cha ntchito. Mwanayo anali asanapondepo pa Malawi. Chichewa sadziwa. Pa Chitumbuka amadziwa yewo basi, zikomo wa kuno, ndipo ankanena yewo pa chilichonse, ngakhale ukumuletsa kusewera ndi madzi. Tinazolowerana msanga. Ankanditcha Tiko, n'kumanditsatira mpaka kochapira.

Tsiku limene anafika, anti Sharon anandiitanira kuchipinda n'kundipatsa kabokosi ka mapiritsi ang'onoang'ono. Anati ndi oteteza mwana ku malungo, analemba ndi adokotala a kwawoko, ndipo a Gracious anachita kuwalumbiritsa pabwalo la ndege kuti mwana asaphonye ngakhale tsiku limodzi. Anati iwo azikhala akuyendera abale, ndiye ntchito imeneyi ikhale yanga: piritsi limodzi m'mawa uliwonse, atadya, ndi mkaka. Anatinso tsiku lonyamuka ndidzawabwezere otsala, chifukwa mwana ayenera kumwabe sabata yathunthu atafika kwawo. Ndinawapempha kuti abwereze, anabwereza. Ndinawawerenga mapiritsiwo pamaso pawo. Anali 28.

Achemwali, ine sukulu ndinalekeza sitandade 7, Chingerezi cha pabokosipo sindinachimve chonse. N'chifukwa chake ndinaopa kudalira mutu wanga. Ndinatenga kakalendala kamene tinalandira kutchalitchi, ndipo mwana akangomeza ndinkachonga tsikulo. Timapepala tasiliva totsala ukachotsa mapiritsi sindinkataya, ndinkasunga m'kachitini kanga ka singano.

Anti Sharon nawonso anabwera ndi mapiritsi awo akuluakulu, koma anamwa masiku anayi okha. Achimwene awo, ankolo Boniface, amene amakhala ku Nkhorongo, anawapeza akumeza patebulo. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anawafunsa ngati tsopano asanduka mzungu, munthu wobadwira pa Chibanja pompano, amene udzudzu unayamba kumuluma asanamere mano. Anati mawa timva kuti akufuna madzi a m'botolo osamba. Mama nawo anathirirapo kuti Mzuzu ndi wozizira chomene, udzudzu wa kuno ndi waulesi, malungo enieni ali ku Karonga. Anti Sharon anaseka nawo. Anati n'zoona, magazi awo amawadziwa malungo kuyambira kale, komanso mapiritsiwo akuwachititsa nseru, akulephera kudya bwino zakudya zimene anazisowa zaka zonsezi. Kuyambira tsiku limenelo sanamwenso. Bokosi lawo ankolo Boniface analiika m'thumba la jekete, amvekere za kunja sizitayidwa.

Atatha pamenepo anayamba za mwana. Mama ankati kumwetsa mwana mankhwala asakudwala n'kumufooketsa magazi, timusiye alawe dziko la makolo ake. Ine ndinkangozyolika, koma kukacha ndinkamupatsa piritsi lake.

Sikuti zinali zophweka. Walusungu ankadana nawo mapiritsiwo, akaona kabokosi ankabisala pansi pa tebulo. Ndinkaphwanya piritsi pasupuni, kuthirapo mkaka ndi kashuga, n'kukwawira pansi pa tebulo pomwepo. Kenako ndinapeza nzeru yoti akameza azichonga yekha pakalendala. Anaikonda nzeruyo moti masiku ena ndiye ankandikumbutsa. Mukayang'ana bwino muona kuti zochonga zina ndi zowongoka, zina zokhota zodutsa mzere. Zokhotazo ndi dzanja lake.

Kutatsala masiku anayi kuti abwerere, tinapita kumudzi kwawo cha ku Bolero kukaona manda a bambo awo a anti Sharon. Tinagonako masiku awiri. Kumeneko n'kotentha, ndipo mvula inali itangotha kumene, madzi ali mbwee m'maenje. Ine ndinanyamula neti ya kuno ndi mapiritsi nditamanga pansonga ya chitenje. Abale a kumudziko anandiseka kuti ndanyamula nyumba yonse. Netiyo ndinamumangira ndithu, koma mwana sungamumange. Ankasewera panja ndi anzake mpaka dzuwa kulowa, ndipo pobwerera miyendo yake inali zidzolo zokhazokha. Sindinade nkhawa kwambiri, chifukwa mankhwala anali kumwa.

Tsopano tsiku lonyamuka, pa 18 Epulo m'mawa. Mwina simukudziwa mmene anthu a kunja amalongedzera. Popita satenga zonse zimene anabwera nazo. Abale amakhala pabedi, sutikesi ili yotsegula, aliyense n'kumaloza chimene wachikonda: uyu nsapato, uyu mafuta odzola otsala theka, uyu sopo, uyu mankhwala a mutu. Wopitayo sakana, akakana amati wayamba kunyada. Tsiku limenelo m'chipindamo munali ngati pamsika.

Ine ndinamwetsa Walusungu piritsi la 21, anachonga yekha. Kenako ndinatenga asanu ndi awiri otsalawo n'kupita nawo kwa anti Sharon ndi manja awiri, monga anandiuzira. Mama anawaona. Anati amenewo awasiyire iwo, poti ku Mangalande kulibe udzudzu, mwana akamweranji? Anati kuno ndiye adzawathandiza malungo akadzawagwira, mankhwala a kunja ndi amphamvu. Anti Sharon anali kalikiliki kuyeza sutikesi pasikelo, anangoti tengani amama, osacheuka n'komwe.

Ndinalankhula, achemwali. Ndinawakumbutsa kuti munati mwana amwebe sabata ina. Koma ndinalankhula motsitsa, ndikuyang'ana pansi. Mama anandiyang'ana n'kufunsa kuti udokotala ndinaphunzira liti. Ankolo Boniface anati timve dokotala wa sitandade 7, ndipo onse anaseka. Mama anati ndisiye zolongolola ndikakweze zikwama m'galimoto. Ndinapita kukakweza zikwama.

Cholakwa changa n'chimenecho, ndipo sindikuchibisa. Ndinanena kamodzi kokha, motsitsa. Ndikanatha kuwatsatira anti Sharon kugalimoto n'kubwereza. Ndikanatha kutenga mapiritsiwo m'kabati n'kuwalowetsa m'kachikwama ka mwana. Ndinachita manyazi. Manyazi amenewa andisautsa kuyambira ndili mwana, koma sindinkadziwa kuti angagoneke munthu m'chipatala.

Patatha masiku khumi ndi limodzi foni inalira. Walusungu anali atatentha thupi ndiponso kusanza. Poyamba ankayesa chimfine, poti kumeneko munthu akatentha thupi saganiza za malungo. Patapita masiku awiri anayamba kukomoka, anathamangira naye kuchipatala, ndipo atamuyeza magazi anapeza malungo. Anamugoneka kuchipinda cha odwala kwambiri. Tsiku limenelo sindinadye.

Adokotala anafunsa ngati mwana anamaliza mankhwala ake. A Gracious anaimba kuno ali moto. Ine ndinali kukolopa pakhonde la m'kati, ndinamva zonse chifukwa foni anaiika pokweza. Anafunsa kuti mapiritsi ali kuti. Mama anayankha kuti asanu ndi awiri apezeka kuno. Sananene kuti anachita kuwapempha, anati apezeka. Pomwepo ankolo Boniface anati ndiye nkhani yadziwika, asanu ndi awiri otsala ndiye kuti msungwana uja anadumphitsa masiku asanu ndi awiri. Mama sanawakonze. Anti Sharon anali pomwepo pambali pa amuna awo, ndinkawamva akulira, koma sanatsutse. Nkhani inakhazikika choncho, ine chokolopera chili m'manja.

Foni itadulidwa ndinalimba mtima, ndinakatenga kakalendala. Ankolo Boniface anati munthu aliyense angathe kukhala pansi n'kuchonga mwezi wonse nthawi imodzi. Ndinatulutsa timapepala tasiliva topanda kanthu. Anati mwina ndinkataya mapiritsi m'sinki. Ndinati tawerengani, 21 ndi 7 ndi 28, nditaya bwanji mapiritsi n'kupezekanso m'kabati? Anati tsopano ndayamba mwano. Ndinapempha kuti afunse anti Sharon. Mama anati ndisavutitse munthu amene mwana wake ali pakati pa moyo ndi imfa.

Ndinawalembera ndekha anti Sharon uthenga wa pafoni, waufupi, waulemu. Anayankha tsiku lachitatu. Anati Tiko pepa, ndiwamvetse, a Gracious akadziwa kuti anasiya okha mapiritsi banja lawo litha, zinthu zikazizira adzakonza. Ndisanaonetse munthu aliyense, uthengawo anaufufuta. Panangotsala malo pamene unali.

Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kuno zatembenuka. Adya ndi akuluakulu, zikupota ine.

Lachinayi atandituma kumsika ndinapatukira kusitolo ya mankhwala m'tauni, nditatenga kapepala kamodzi kasiliva. Ndinaima panja nthawi yaitali, anthu akulowa n'kutuluka, mpaka mayi wogulitsamo anandikodola yekha. Ndinkafuna kudziwa ngati ndinamva molakwa tsiku loyamba lija. Mayiyo anawerenga kapepalako n'kunena kuti ayi, ndinamva bwino. Anati udzudzu ukakuluma matenda saonekera pomwepo, kachilomboko kamayamba kabisala m'thupi, n'chifukwa chake mtundu umenewu wa mapiritsi umamwedwabe masiku asanu ndi awiri munthu atachoka kudera la malungo. Anati mwana wobadwira kunja alibe mphamvu iliyonse yolimbana ndi malungo, ndipo ngakhale wamkulu wobadwira kuno, akakhalitsa kunja mphamvu ija imatha, kaya anadwalapo kangati ali mwana. Anati anthu athu obwera kudzacheza kwawo ndi amene amavuta kwambiri, kuposa azungu odzaona dziko, chifukwa mzungu amaopa pamene wathu amati ndi kwathu kuno. Za kuzizira kwa Mzuzu anangopukusa mutu, anati odwala malungo amawaona tsiku ndi tsiku. Ndinamuthokoza. Ndinatuluka mtima utapepuka pang'ono, koma pofika pageti unalemeranso, chifukwa zimene ndamvazo ndikauza ndani?

Tsopano mama andipatsa chosankha. Akuti Lamlungu likubwerali adzaimba foni ya kanema, ndipo ine ndidzagwade pamaso pa a Gracious n'kunena ndi pakamwa panga kuti ndinkaiwala kumwetsa mwana. Ndikatero nkhani yatha, andikhululukira, ntchito ndipitiriza. Ndikakana, mwezi uno ukatha ndilongedze. Ananena mofatsa, akumwa tiyi. Anatinso iwo ndi Mkhristu, sasunga mangawa. Pamene ankanena zimenezo mapiritsi aja anali kumbuyo kwawo m'kabati ya magalasi, m'kapu ya maluwa imene ndimapukuta Loweruka lililonse.

Azakhali a Hilda anandiimbira Lachisanu. Sanandifunse kuti zinayenda bwanji. Anati iwo ndi amene anandipezera malo ano pa chinansi chawo ndi mama, ndisawachititse manyazi. Anati wantchito salimbana ndi bwana, kupepesa sikunaphepo munthu, ndigwade basi. Kenako anati iwo ndi amayi adzaimbira mama sabata ino kupepesa m'malo mwa banja lonse, kuti sanandilere bwino. Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi.

Ndaganiza kwambiri, achemwali. Ntchito ndikuifuna, mukudziwa mmene zinthu zilili kwathu. Koma Mzuzu ndi waung'ono. Amayi a nyumba za kuno asanalembe wantchito amafunsana kutchalitchi ndi kumsika. Kale ena ayamba kundiloza kuti ndi uja anatsala pang'ono kupha mwana wa ku Mangalande. Pakali pano ndi mphekesera. Ndikagwada isanduka nkhani yoona, yotuluka pakamwa panga, ndipo palibe adzandisiyirenso mwana, kuno kapena kwina. Ine china chimene ndimatha n'chiyani kupatula kusamala?

Komanso pali Walusungu. Adzakula, adzafunsa za matenda amene anatsala pang'ono kumutenga. Adzamuuza kuti kunali mtsikana wina dzina lake Tiko amene ankaiwala kumupatsa mankhwala, anavomera yekha atagwada. Ine amene ndinkakwawa pansi pa tebulo ndi supuni. Zimenezo sindingathe. Lamlungu ndikauzidwa kuti ndigwade, ndidzagwada mwaulemu monga ndinaleredwera, koma ndidzanena zimene zinachitika, ndipo ulendo uno ndidzakweza mawu. Ndakhala ndikuyeserera kochapira. Akadzandidula pakamwa ndidzayambiranso.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amayi musanachite china chilichonse, muwawerengere kalata yonseyi pang'onopang'ono, muwaonetse kakalendalako, awerenge okha zochongazo ndi chala. Muwapemphe kuti asandipepesere. Azakhali akabwera ndi foni, amayi akane kuigwira. Azakhali ngati akufuna apepese okha za chinansi chawo, koma dzina la amayi lisalowepo. Anthu a kuno andinamizire, ndipirira. Koma amayi akapepesa ndiye kuti nawonso avomereza, ndipo ndidzasowa kolowera ndikachoka pano. Inu amakumverani kuposa ine.

Nkhani yabwino ndi yakuti Walusungu anatuluka m'chipinda cha odwala kwambiri. Akadali m'chipatala, ndi wofooka, koma akuti wayamba kudya pang'ono ndiponso kulankhula. Izi sanandiuze ine, ndinamva mama akuuza anzawo pakhonde. Ndinakalowa kubafa n'kuthokoza Mulungu kumeneko. Mumuike m'mapemphero, mwanayo sanalakwire munthu.

Dzulo mama anadzuka mutu ukuwawa, anati ndi malungo. Kokayezetsa sanapite. Anatsegula kabati, anatenga limodzi mwa mapiritsi a mwana aja n'kumeza, ine ndi amene ndinawapatsira madzi. Ndiye atsala asanu ndi limodzi. Pa masamu a ankolo Boniface ndiye kuti masiku amene ndinaiwala achepa ndi limodzi. Mutu ukapitiriza kuwawa sabata yonse, mwina pofika Lamlungu ndidzakhala wosalakwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asamayende kwambiri ndi mwendowo. Moni kwa alamu a Tobias, kwa ana anu onse awiri, kwa achimwene a Lovemore ndi akazi awo, ndi kwa amalume. Kwa azakhali a Hilda moni wanga mukapereke ndithu, sindinawataye ulemu. Kakalendalako musapatse ana kuti aseweretse, ndiponso kasanyowe. Mukasunge m'Baibulo la amayi, ndidzakafuna.

Mphasa yanga ija ngati simunaipereke kwa wina, muyanike padzuwa. Mwezi uno ukatha mwina muyamba kumva odi wanga.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mng'ono wanu,
Tikondane